Mmene Ndinatsikira ku Chambe

Sendezani lichero kuno, ana inu. Chiperoni chimenechi sichikata lero, ndiye kuli bwino tisende nandoloyu pakhonde pompano. Iwe Takondwa, foniyo iike pansi, siithawa. Dzulo unandifunsa kuti bwanji anthu onse a kuno, ngakhale a imvi, amanditcha aphunzitsi, pamene chithunzi chili m'nyumbamu chikuonetsa mnyamata wa kabudula wa khaki ataima pathanthwe, nyundo ili m'manja. Mnyamata ameneyo ndine. Nthawi imeneyo zogwira choko sindinkazilota n'komwe.

Kwathu kwenikweni ndi ku Limbuli. Makolo anga anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, kudzathyola tiyi, ndipo ine anandikankhira kusukulu ya mishoni kuti dengu lisadzandipinde msana. Masamu ankandikonda, inenso ndinkawakonda. Tsono m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasalande, anthu a boma ofufuza za miyala ndi nthaka ananditenga ntchito. Ankafuna munthu wa miyendo yokwera phiri komanso mutu wosatopa ndi manambala.

Ntchito yathu inali yokumba maenje pamwamba pa phiri, kufunafuna dothi lofiira limene amati kunja amalisungunula n'kupanga mapoto opepukawa. Ocheka matabwa a mkungudza ankatiseka potidutsa, thabwa lili pamutu, kuti tikukumbira mizimu zimbudzi. Mzungu amene ankatitsogolera anamupatsa dzina loti Nkhululu, chifukwa paliponse pamene waima pankatsala una. Iye ankalidziwa dzinalo ndipo ankavomera akamuitana.

Dothi la dzenje lonse sungalinyamule kupita nalo ku Zomba kokayeza. Ndiye tinkaliunjika pansalu, kulisakaniza bwinobwino, kuliphwatalitsa ngati chikondamoyo, kenaka n'kulidula pamtanda kuti likhale magawo anayi. Magawo awiri oyang'anana tinkawataya, awiri otsalawo n'kusakanizanso, n'kudulanso, mpaka litatsala lokwana kathumba. Kathumba kameneko kankalankhulira dzenje lonse. Mvula ikayamba tinkatsika, ine n'kukakhala mu ofesi ndi makina opukusa owerengetsera, olira ngati chigayo chaching'ono, kuwonkhetsa ndi kugawa zimene apeza m'timatumba tija kuti tidziwe phiri lonse lasunga chiyani. Inu lero mumangodina foni, yankho ili. Ife yankho linkabwera ndi phewa lowawa.

Koma chimene ndimachikumbuka kwambiri si manambala ayi. Ndi m'mawa wa ku Chambe, pamwamba pa phiri lija. Unkatuluka m'kanyumba ka matabwa udzu uli mbuu ndi chisanu, utsi wa mkungudza ukununkhira m'malaya, n'kupita kumphepete kwa thanthwe. Dziko kunalibe. Kwa Chonde kuno kunalibe, minda ya tiyi kunalibe, msewu wa ku Blantyre kunalibe. Pansi ponse panali mitambo yoyera ngati thonje loyanika, ndipo iwe wekha pamwamba pake ndi akhwangwala a khosi loyera. Nkhululu anandiuza tsiku lina kuti thanthwe limene taimapolo kalekale linali phala lotentha pansi penipeni pa nthaka, ndipo dziko limene linalikwirira linakokoloka pang'onopang'ono ndi mvula mpaka phiri linatsala poyera. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikakhala pamwala ndinkamva ngati nthawi yaima kuti ipume. Ndinkalikonda phiri lija, ana inu. Ndinkalikonda moti mpaka lero ndimachita nalo manyazi pamaso pa anganga anu.

Anganga anu a Esitere ndinawapeza kuno kwa Chonde, akugulitsa chinangwa chophika pamsika. Ndinagula chinangwa chambiri chaka chimenecho kuposa chimene mimba yanga inkafuna. Titakwatirana ndinabwera kudzakhala kwawo kuno monga mwa mwambo wathu, mkamwini. Koma mkamwini wake uti? Khasu la pano silinkandidziwa. Chilimwe chonse ndili kuphiri, dzinja lonse ndili ku Zomba. Mitambo ikang'ambika masana ndinkayang'ana pansi kufuna utsi wa mudzi uno, ndipo ndinkadzinamiza kuti ndauona. Amayi anu a Rute anabadwa ine ndili m'dzenje.

Kenaka kunabwera mawu akuti za kuphiri kuno zikutha, gulu lonse lisamukira kumpoto kukafufuza malasha, ndipo kumeneko n'kwa zaka. Ndinapita kwa a Yotamu, atsibweni awo a anganga anu, amene anali mwini mbumba, kukapempha kuti ndinyamule banja langa. Ndinawapeza akuluka nkhokwe. Sanasiye n'komwe kuluka.

"Mwati mumutenge Esitere?" anatero. "Bambo, akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Inuyo ndiye simunagwidwepo n'komwe. Mwana wa mlongo wanga sapita kudziko limene sindingafikeko wapansi akadwala. Mukafuna kupita pitani, sitimanga munthu. Koma Esitere ndi kamwanako atsala, ndipo sitidzamuuza kuti adikire mwamuna wa m'makalata."

Panalibe chotsutsa. Mwana ndi wa kwa mayi ake, inenso ndinakulira mwambo womwewo. Ndikakwera kumpoto, banja latha. Ndikatsala, ndidya chiyani, poti chimene ndinkachidziwa ndi miyala?

Nkhululu anandimvera chisoni. Anati nditsike ndikayese moyo wa pansi miyezi imene iwo akumaliza kukwirira maenje. Lole yopita kumpoto idzadutsa pa Chonde tsiku la msika, kutentha kukayamba. Ndikadzapezeka pamsewu ndidzakwera, ndikadzasowa ndiye kuti basi. Nyundo anandilola kutsika nayo.

Sukulu ya mpingo ya m'mudzi muno inkasowa wophunzitsa masamu, ndipo a hedimasitala, a Bizaliele, atamva kuti ndinkapukusa makina a manambala ku Zomba anandilandira ndi manja awiri, kuti andiyese kaye. Si sukulu imene mukuidziwa inuyi. Inali ya zidina ndi denga la udzu, ana atakhala pa timipando ta dothi, sileti pamiyendo. Ndati ana, koma ena anali ndi ndevu zoposa zanga. Ankathyola tiyi m'mawa wa masiku ena, masiku ena n'kubwera kudzaphunzira.

Mukuseka chiyani, Mphatso? Ukuganiza kuti ndinangofika n'kuwala? Ndinali mphunzitsi woipa kwabasi. Zaka zonse zija ndinkalankhula ndi miyala, ndipo mwala sufunsa kuti mubwereze. Mawu anga ankathera pabolodi. Ndinkalemba samu, yankho n'kundionekera lokha, ndiye ndinkadabwa kuti iwo akuchedwa pati. Ndikati theka la theka, maso onse ali tong'o ngati ndalankhula Chigiriki. Choipitsitsa chinali zenera. Zenera la kalasi ija linayang'ana ku Chambe. Ndinkati ndikatembenuka kuti ndifunse funso, thanthwe lija lili apo, dzuwa likulinyambita, ndipo ndinkayamba kuwerenga mumtima kuti pano anzanga afika dzenje liti. Ndinkadzidzimuka ndi kuseka kwa ana, choko chili m'mwamba, chiganizo ndachisiya pakati.

Madzulo anganga anu ankandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndinkati bwino. Iwo ankangoti, "Chabwino, bambo a Rute," n'kupitiriza kupeta. Sanandipemphepo ngakhale kamodzi kuti nditsale. Zimenezo zinkandiwawa kuposa akanalira.

Chisanu chitafika, mpingo unaganiza zomanga kalasi ya njerwa zowotcha. Ana anayamba kuumba kuseri kwa sukulu, koma njerwa zinkang'aluka zisanaume. A Bizaliele, amene anali atatopa kundimvetsera pakhomo la kalasi akupukusa mutu, anandiitana.

"Aphunzitsi, poti inu ndi dothi mumamvana, tengani kalasi yanu muziyang'anira zoumbazi masana. Kapena kumeneko mungatithandizeko."

Ndinamva bwino lomwe kuti akundichotsa pabolodi mwaulemu. Ndinapita ndi mtima wolemera. Koma nditangotsika m'nkhuti muja n'kufinya dothi m'manja, china chake chinadzuka mwa ine. Ndinaiwala kuti ndine mphunzitsi. Ndinayamba kulamula ngati ndili kuphiri. Iwe kumba apa, iwe uko kuchulu, iwe kumunsi, inu awiri pafupi ndi dambo. Tinakumba maenje asanu. Dothi la dzenje lililonse tinaliunjika pa chiguduli, n'kulisakaniza, n'kulidula pamtanda.

Panali mtsikana wina dzina lake Edina, wamtali, wa pakamwa posachedwa, amene m'kalasi ankangojambula maluwa pasileti. Ndi amene ankadula. Atataya magawo awiri kachiwiri anaima, chikwanje chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndiye kuti latsalali ndi gawo limodzi la magawo anayi a mulu uja?"

"Wadziwa bwanji?"

"Poyamba tinataya theka. Pano tatayanso theka la lotsalalo."

Theka la theka! Chinthu chimene ndinachikhetsera thukuta pabolodi mwezi wathunthu chinatuluka chokha pakamwa pa mwana, mapazi ali m'matope. Ndinati adulenso, ndipo gulu lonse linakuwa yankho ine ndisanafunse.

Tsiku lotsatira ndinawauza kuti aliyense abwere ndi botolo loyera. Mabotolo nthawi imeneyo anali chuma, si ngati lero mukungowapondaponda m'njira. Anabwera a mankhwala a chifuwa, a palafini otsukidwa ndi phulusa, lina ndikukhulupirira linali la kachasu la bambo ake a munthu. Tinathiramo dothi ndi madzi, n'kukhutchumula mpaka mikono kuwawa, kenaka n'kuwandandalika pazenera lija. Ndinati tsopano tikhale chete tione.

Ha, ana inu, mukanaona! Dzuwa la masana linkalowa m'mabotolomo, madzi ali psuu ngati thobwa la mawere. Mchenga unayamba kugwa nthawi yomweyo, waa, n'kukhala pansi. Pamwamba pake panayamba kutera dothi losalala, pang'onopang'ono ngati nkhungu ikamatsika m'phiri. Dongo ndiye linakana, linangoyandama m'madzimo mpaka m'mawa mwake. Kalasi imene inkasokosa ngati msika inali zii, zibwano zili pa zigongono. Mnyamata wina wa ndevu ananong'ona kuti, "Ndiye kuti dziko linapangika chonchi?" Apo ndinazindikira kuti ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana pazenera koma phiri sindinalione.

Masabata otsatirawo anali ngati maloto. Tinkayeza mizere ya m'mabotolo ndi kaudzu, n'kuona kuti mchenga ndi gawo lanji, dongo ndi gawo lanji. Dzenje lililonse tinaumba njerwa zake padera, n'kuzidinda chizindikiro ndi chala. Zikauma tinkatola khumi mosasankha, wotolayo atatsinzina, n'kuwerenga zong'aluka. Ana amene ankathawa masamu anayamba kukangana za manambala panjira yopita kwawo.

Koma musaganize kuti a Bizaliele anaomba m'manja. Kutentha kutayamba anandiitananso, ndipo analankhula mosabisa, poti anali munthu woona mtima.

"Njerwa mwatithandiza, zikomo. Koma buku la masamu simunafike nalo n'pakati pomwe, ndipo woyendera sukulu safunsa za mabotolo. Chikalata cha uphunzitsi mulibe. Sindingakulonjezeni kuti chaka chamawa malo alipo. Mukakhala ndi kwina kopita, musakutaye chifukwa cha ine."

Sabata yomweyo wonyamula matabwa wina anandipatsira uthenga wa Nkhululu kuti lole idutsa tsiku la msika likubwerali. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinali nditavumbwa kale. Kumpoto kunali ntchito yodziwika ndi miyala yatsopano imene sindinaigogodepo. Kuno kunali mkazi, mwana, ndi ntchito ya mwina. Ndinadziuza kuti mwamuna wopanda ntchito pachikamwini ndi katundu, a Yotamu adzandithamangitsa ndithu tsiku lina, bola ndichoke ndekha ulemu ulipo. Ndinamanga bulangete ndi malaya anga, nyundo n'kuisomeka pa lamba.

M'mawa wa tsikulo ndinadzuka n'kupeza anganga anu atatereka mphika waukulu wa kalongonda. Inu a masiku ano kalongonda mumangomugula wophikaphika pamsika, simudziwa ntchito yake. Nyemba zimene zija zimafuna kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, dzuwa lonse mpaka nkhuni kutha. Ukafulumira kudya zimakuzunguza mutu, mwinanso kukupha. Si chakudya chophikira munthu wa paulendo.

"Mayi a Rute," ndinatero, "kamba wa panjira alipo?"

"Ndaphika kalongonda."

"Nanga ndinyamula bwanji?"

"Sanapse. Apsa mawa."

Sanandiyang'ane. Ankasonkhezera moto, Rute ali kumsana akuyamwa chala. Ndinanyamula mtolo wanga n'kutuluka.

Pa Chonde panali podzaza monga mwa tsiku la msika, njinga, madengu a chinangwa, nkhuku zomangidwa miyendo. Ndinakhala pa mtolo wanga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Kunja kunali ngwee, ndipo Chambe chinaima poyera, chotuwa, chachikulu, ngati chabwera kudzandiperekeza. Ndili chiyang'anire choncho ndinamva, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Anali Edina ndi anzake angapo, thukuta lili kamukamu. Ndinaganiza kuti abwera kudzatsanzika ndipo ndinayamba kukonza mawu. Koma iwo sankadziwa n'komwe za ulendo wanga. Anali atafika kaye kunyumba kudzandifuna, anganga anu n'kuwalozera kumsewu osanena zambiri.

Edina anatula njerwa ziwiri zong'aluka pamapazi anga.

"Za dzenje la kuchulu izi. Botolo lake linaonetsa bwino, mchenga ndi dongo zofanana ndi za dzenje la kumunsi. Koma za kumunsi zang'aluka ziwiri pa khumi, izi zisanu ndi ziwiri. Tabwereza kutola katatu, wotola atatsinzina. Chalakwika n'chiyani?"

Palibe anawatuma kubwereza katatu. Ndinatenga njerwa ija, kuitembenuza, kuigogoda ndi nyundo, kuyang'ana mkati mwake. Sindinadziwe yankho. Ndinanjuta pansi, iwo n'kundizungulira, tikufunsana kuti anaponda matope ndani, madzi anatunga kuti, anayanika mbali iti. Lole inafika ine osaimva. Ndinangoona nsapato zazikulu zaima pambali panga.

Nkhululu ananjutanso, n'kutenga chibenthu cha njerwa, n'kuchinyambita monga ankachitira ndi miyala yonse. Ana anaseka mpaka kugwirana. Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "Iwe kwera, kapena iwe khala?"

Anzanga onse anali pamwamba pa lole, atakhalira mahema, akundikodola. Wina anali atandisungira malo pafupi ndi makina opukusa aja. Ndinayang'ana malowo, n'kuyang'ana njerwa inali m'manja mwanga.

"Bwana, izi sitinazipeze chifukwa chake."

Anagwedeza mutu. Sanandinyengerere. Anangotambasula dzanja, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kundigwira chanza. Koma ankafuna nyundo. Inali ya boma, ndipo kumpoto kunali munthu wina woti akaigwiritse ntchito. Mpini wake unali utasalala potsata zala zanga. Ndinaipereka. Kenaka ndiye anandigwira chanza mwamphamvu, n'kukwera, lole n'kunyamuka.

Ndinalira, ana inu. Bambo wamkulu, pamsika, pamaso pa ana a sukulu, misozi ili chuchuchu. Sikunali kulira kwa chimwemwe ayi, ndisakunamizeni. Ndinkalira maliro a mnyamata wa pachithunzi uja. Ana aja anasokonezeka, Edina n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi, tiumbanso zina." Ankayesa ndikulirira njerwa.

Za njerwazo tinadzazipeza patapita masabata. Gulu la kuchulu linkayanika padzuwa la masana osafunditsa udzu. A Bizaliele anandisunga poyamba chifukwa uvuni wa njerwa unali usanawotchedwe, kenaka chifukwa anazolowera kundikalipira, ndipo pambuyo pake ndi iwo omwe anandilembera kalata yopita kukaphunzira uphunzitsi. Kuyankhula ndi ana ndinachita kuphunzira movutikira, ngati munthu wophunzira njinga atakula. Koma zonsezo tsiku lija sindinkazidziwa. Ndinkabwerera kumudzi wa eni ndilibe nyundo, ndilibe lonjezo la ntchito, mtolo uli pamutu ngati mlendo.

A Yotamu anali pabwalo pawo. Anandiona ndikudutsa, anayang'ana mtolowo, n'kuyang'ana m'chiuno mwanga mmene munkakhala nyundo. Anangokhosomola n'kunena kuti mawa kuli kufolera nkhokwe, ndilawire.

Anganga anu ndinawapeza pomwe ndinawasiya, akukhetsa madzi akuda a mumphika uja. Anamva mapazi anga koma sanatembenuke. Madzi otentha anatsala pang'ono kuwathira paphazi. Ndinatula mtolo pakhonde, pamene wakhala iwe Takondwapo.

"Ndili ndi njala, mayi a Rute."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ati utsi.

"Ndinakuuzani kuti apsa mawa."

"Ndidikira," ndinatero.

Anamasula Rute kumsana n'kundipatsa kuti ndimugwirire, iwo n'kupita kukatunga madzi ena.